Adiresi ya pa Khoma la Hositelo

Anthu a ku Biwi akandifunsa kuti ku Joni ndinkagwira ntchito yanji, ndimangoti ya makompyuta, chifukwa ndikayamba kufotokoza bwinobwino maso awo amathawira kumsewu. Mayi anga ankauza anzawo a kumvano kuti mwana wawo ndi bwana wa malalanje. Ubwana sindinaulaweko, ndipo lalanje sindinathyolepo ngakhale limodzi.

Ndisanapite ndinkakonza makompyuta ndi mafoni m'kashopu ka munthu wina m'tauni, kuseri kwa depoti. Ndinkapita wapansi m'mawa, kubwerako wapansi madzulo, fumbi mpaka m'maondo. Makasitomala akasowa ndinkawerenga pa intaneti za maseva, makompyuta akuluakulu aja osungira mapulogalamu a makampani. Ndinalemba mayeso, ndinapeza satifiketi, n'kuyamba kutumiza makalata paliponse. Amene anayankha ndi kampani ina yolongedza zipatso, kumapiri kutali ndi Kepitauni. Anandipezera chilolezo chogwirira ntchito, koma chinali chomangirira pa kontirakiti yawoyo: ikatha, nanenso ulendo wobwerera.

Tsiku lonyamuka, chikwama anandinyamulira ndi achimwene anga aakulu, makaniko wa pagalaja ina ya ku Biwi komweko. Anali atavala ovololo ya mafuta, ndiye anakana kundikumbatira kuti angandidetsere zovala. Mayi anatsala pakhomo. Anati miyendo, koma ndikudziwa kuti sinali miyendo.

Ofesi yathu inali pamwamba pa shedi yolongedzeramo zipatso. Tauni inali kutali, nyumba zodula, ndiye anandipatsa bedi mu hositelo ya amayi olongedza. M'chipinda tinalimo anayi. Woyamba kundilankhula anali mayi wina wamfupi, wa mawu aakulu, amene anangoona chitenje changa n'kufunsa, "Mwanangu, wa kuti iwe?"

"Wa ku Lilongwe, Amayi. Ku Biwi."

"Yewo! Ine ana anga ali ku Area 25. Bwera kuno, bedi ilo likudontha mphepo."

Amenewo anali aNyaGondwe. Kwawo kunali ku Rumphi, koma anakhala zaka zambiri mu Lilongwe mpaka pamene amuna awo anamwalira, iwo n'kutsikira ku Joni kuti ana asasiye sukulu. Anandiphunzitsa kuyala makatoni pansi pa matiresi, chifukwa malalanje amapsa nthawi yozizira, ndipo kuzizira kwa kumeneko si kwa ku Dedza, kumalowa m'mano. Lamulungu ankatiimbitsa nyimbo za m'buku m'Chitumbuka, ine ndikungotsatira mapeto a mawu. Akandiona ndakhala chete ankandipatsa ntchito. "Sadzula nyembazi, kupukwa kuchepe."

Ntchito yanga inali yotere. Kampani inali ndi maseva angapo olumikizidwa kuti azigwira ntchito ngati chinthu chimodzi, ife tinkati kilasita. M'menemo munkayenda mapulogalamu onse: yoyang'anira kuzizira kwa m'nyumba zosungiramo zipatso, yolemba mashifiti, yotsata malole. Pulogalamu iliyonse inkaikidwa m'timabokosi tosaoneka ndi maso totchedwa makontena. Kontena sichedwa kufa. Ikafa, kilasita imadzutsa ina, koma yatsopanoyo imabwera ndi adiresi yake ina. Ndiye kuti anthu asamasochere, pulogalamu iliyonse timaipatsa sevisi, kutanthauza dzina ndi adiresi yosasintha imene imalandira aliyense wobwera n'kumupititsa ku kontena imene ili moyo nthawi imeneyo. Sevisi ina imakhala ya mkati mokha, yofikika ndi makompyuta a muofesi basi. Ina timaitulutsa kunja kuti dalaivala ali pamsewu aipeze pafoni yake. Ine ndinali wa zimenezo, kutsegula ndi kutseka.

Wamkulu wanga anali a Domingo, bambo wa imvi za m'mbali, wochokera ku Angonia ku Mozambique. Atamva kuti makolo anga ndi a ku Ntcheu anaseka n'kunena kuti kwathu ndi kwawo kwasiyana ndi msewu basi. Kuyambira pamenepo, tikakhala awiri tinkalankhula Chichewa. Anali munthu wosapupuluma. Ndikalakwitsa sankakalipa, ankangokoka mpando n'kunena, "Tiyeni tione limodzi, mayi." Miyezi yoyamba ndinalakwitsa kwambiri. Tsiku lina ndinalemba molakwika chilembo chimodzi pa dzina, sevisi ya malole n'kusowa makontena ake, madalaivala n'kuima pageti m'mawa wonse akutukwana m'zilankhulo zinayi. A Domingo anapita okha kukapepesa, dzina langa osalitchula.

Chaka choyamba chinatha bwino. Kunyumba ndinkatumiza kangachepe, mayi n'kumanditumizira zithunzi za denga latsopano. Zinthu zinayamba kuvuta chaka chachiwiri, pamene aNyaGondwe anawasamutsira kotsukira zipatso.

Malalanje asanalowe m'katoni ankadutsa m'madzi a mankhwala oti asaole panyanja. Amayi a pamzere umenewo ankapisa manja m'madzimo kuchotsa owonongeka. Magolovesi amene ankapatsidwa anali aafupi, olekezera pamkono, madzi n'kumalowa. Poyamba aNyaGondwe ankangokanda. Kenako khungu linayamba kusupuka, pakati pa zala n'kung'ambika. Anasiya kuchapa, ndinkawachapira ine. Tsiku lina ndinawapeza akulimbana ndi batani la bulauzi, zala zikukana kupinda.

"Amayi, mwawauza akapitawo?"

"Anauza mnzathu wa ku Zimbabwe uja. Ukumuona pamzere masiku ano?"

Sindinkamuona. Anamuuza kuti ntchito yachepa.

Pakhoma la hositelo, pafupi ndi mabafa, panali chipepala chachikulu cha mitundumitundu. Anthu ogula zipatso zathu kutsidya kwa nyanja anali atalamula kuti pakhale njira yoti wantchito adandaule mwachinsinsi, dandaulo lake lizipita kwa oyendera oima paokha, osadutsa kwa mabwana. Pachipepalapo panali adiresi ya pa intaneti. Ndinkadutsapo tsiku lililonse osaganiza kanthu. Tsiku limenelo ndinawalozera aNyaGondwe.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Icho? Chokongoletsera khoma icho. Aliyense anayesapo, sichitseguka. Amati ndi mafoni athu otchipa."

Ndinatulutsa yanga, ndinalemba adiresiyo. Kanthu kaja kanazungulira, kuzungulira, mpaka foni inanena kuti tsambali silikupezeka.

M'mawa mwake ndinayesa pa kompyuta ya muofesi. Linatseguka msangamsanga, lokongola, la zilankhulo zingapo. Ndinalowa mu kilasita kukaona. Makontena ake anali moyo, athanzi, akungodikira. Koma sevisi yake inali ya mkati mokha. Chiyambire inali isanatulutsidwepo kunja. Oyendera akabwera ankawakhazika muofesi, kuwatsegulira tsambalo pa kompyuta ya kampani, n'kuwaonetsa kuti likugwira ntchito ndipo palibe wadandaulapo.

Ndinaitana a Domingo, ndinawauza za manja a aNyaGondwe, n'kuwaonetsa sevisiyo. Anayang'ana kanthawi, kenako anatsegula kalata yakale pa kompyuta yawo. Anali atapempha kale chilolezo chotulutsa sevisi imeneyo, ine ndisanabwere n'komwe. Yankho lake linali mawu amodzi: dikirani.

"Ndiye mwakhala mukudikira?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka akuthwa kuposa mmene ndinkafunira.

Sanakwiye. Anavula magalasi n'kupukuta. "Ndinadikira mwezi, ndinakumbutsa, ndinadikiranso. Kenako ndinasiya kuganizako. Ine sindigona ku hositelo, mayi. Manja amenewo sindinawaone."

Ndinapita kwa manejala woyang'anira antchito. Ndiyenera kunena chilungamo, sanali chilombo. Anali mayi wotopa, wa ana ake, amene ankadziwa mayina a olongedza ambiri ndipo maliro akagwa ankapita. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anandithirira tiyi, kenako anayankha modekha m'Chingerezi. Anati akudziwa. Anati magolovesi aatali anawapempha kale kwa akuluakulu. Koma tikatsegula tsambalo pakati pa nyengo yokolola, ogula akhoza kuimitsa maoda, ndipo amene angagone ndi njala si iye kapena ine, ndi amayi omwewo. "Dikirani nyengo ithe," anatero.

Ndinatuluka nditakhulupirira theka la zimene ananena. Ndinadikiradi milungu iwiri. M'milungu imeneyo ndinkaganiza za chilolezo changa, za denga lija, za mayi akuuza anzawo kumvano. Ndinkapewa kuyang'ana manja a aNyaGondwe tikamadya.

Loweruka lina masana anandipempha kuti ndiwaimbire mwana wawo wamkazi wa ku Area 25 pa vidiyo. Foni ndinagwira ndine. Nthawi yonse imene ankalankhula, manja anali atawabisa m'chitenje, akuseka, akufunsa za mayeso. Mwana uja atati, "Amama, tabayibitsani," iwo anangogwedeza mutu. Foni itaduka anakhala pabedi n'kunena kuti, "Akanaona akanasiya sukulu kuti abwere kuno."

Lolemba ndinafika muofesi molawirira. Pali njira yachidule yotulutsira sevisi: umatsegula khomo limodzi pa seva iliyonse, aliyense wodziwa nambala yake n'kulowa. Ndi mizere iwiri yokha. Ndinali nditailemba kale pamene a Domingo anaima kumbuyo kwanga.

"Musadine."

"Bambo, ndatopa ndi kudikira."

"Sindikuti mudikire. Ndikuti musadine." Anakoka mpando. "Mukatsegula choncho, zimene mayi wanu wa ku hositelo uja alembe ziyenda poyera, zopanda loko. Netiweki ya ku hositelo ndi ya kampani. Munthu wodziwa pang'ono chabe akhoza kuwerenga kuti walemba ndani, walemba chiyani. Mukufuna kuwathandiza kapena kuwapereka?"

Ndinachita manyazi.

"Tikachita, tichite bwino," anatero. "Idutse pageti lalikulu pamene pamadutsa mapulogalamu ena onse opita kunja, ikhale ndi loko, ndipo geti lisamasunge manambala a mafoni amene alowa."

Anatulutsa pangano limene kampani inasainirana ndi ogula, n'kundionetsa ndime yonena kuti tsambalo liyenera kufikika ndi wantchito aliyense, kulikonse. Anati ife sitikuswa lamulo, tikumaliza ntchito imene inasiyidwa panjira. Tinagwira masiku atatu, pakati pa ntchito zina. Pa fomu yolembapo amene wasintha zinthu mu kilasita, ndinalemba dzina langa. Iwo anawonjezera lawo pamwamba pa langa. Lachinayi m'mawa analembera manejala kalata yaifupi yomudziwitsa kuti sevisi ija yatulutsidwa monga pangano likunenera. Atatumiza anandiyang'ana. "Dinani tsopano."

Nthawi ya nkhomaliro ndinatsika kukafuna aNyaGondwe. Ndinawapeza atakhala padzuwa kuseri kwa shedi, akudya buledi atamugwira ndi zikhatho. Ndinatenga kafoni kawo kong'ambika galasi, ndinalemba adiresi ija. Tsamba linatseguka.

Ndinkayembekeza kuti asangalala. Anayang'ana foniyo, kundiyang'ana ine, nkhope n'kugwa.

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndatsegula, Amayi. Tsopano mukhoza kulemba. Palibe adziwe kuti ndinu."

"Palibe adziwe? Tsamba latsegulidwa ndi mtsikana wogona chipinda chimodzi ndi NyaGondwe, dandaulo la manja lafika, ndiye palibe adziwe? Sukulu yonseyo, nzeru zako ndi zimenezi?"

Zimenezo sindinaziganizire. Ine ndinkangoganiza za maloko ndi mageti. Anawonjezera mawu ena m'Chitumbuka amene sindinawamve, n'kunyamuka.

Masiku awiri sanandilankhule. Koma iwo anali ndi nzeru zimene ine ndinalibe. Lamulungu, titatha kuimba, anaitana amayi onse a kotsukira, Amalawi, a ku Zimbabwe, a ku Lesotho, ndi eni dziko omwe. Anakhala pabwalo la hositelo atazungulira. ANyaGondwe anatulutsa manja awo n'kuwaika pamaondo, ena n'kutulutsanso awo. Anati ngati n'kulemba, alembe onse tsiku limodzi, kuti wofuna kuchotsa munthu achotse mzere wonse. Ena anakana n'kulowa m'zipinda. Ambiri anatsala. Amene zala zinkawapweteka ankanena, anzawo n'kumawalembera. Ine anandiuza kuti ndichoke, ndisaone n'komwe. Ndinakakhala kuseri kwa mabafa ndikumva mawu awo chapatali.

Oyendera anabwera patapita milungu ingapo, osadziwitsa. Ulendo uno sanakwere kuofesi, analunjika kumzere. Zimene manejala ananena zija zinachitikadi: mzere wotsukira unaimitsidwa, maoda ena anaima, anthu anakhala masiku ambiri opanda shifiti. Mu hositelo munalowa mkwiyo. Amayi ena amene ndinkadya nawo anasiya kundiyankha moni. Wina anandiuza pamaso kuti ine ndimalandira ngakhale mzere utaima, ndiye n'kosavuta kukhala wolungama. Ankanena zoona. Tsiku lina ndinapeza bulangete langa litanyikidwa m'madzi. ANyaGondwe anangotenga lawo n'kundiponyera, iwo n'kufunda majuzi.

Mzere utatsegulidwanso kunali magolovesi ofika m'zigongono, mpope wosambira m'manja, ndi nesi wobwera kawiri pamlungu. Amene manja anawonongeka anawasamutsira kouma, kopanda madzi a mankhwala. Mayi wa ku Zimbabwe uja sanabwererenso, palibe anadziwa kumene anapita.

A Domingo analandira kalata ya chenjezo. Ine sindinalandire kalata iliyonse. Nyengo itatha, manejala anandiitana n'kundiuza kuti kontirakiti yanga sadzaiwonjezera, ati kampani ikusintha kagwiridwe ka ntchito. Sanandiyang'ane m'maso. Ndikutuluka anati, "Mwana wanga wamkazi ndi msinkhu wanu." Mpaka lero sindidziwa chimene ankatanthauza.

A Domingo anandiperekeza ndi galimoto yawo mpaka kokwerera basi. ANyaGondwe anandipatsa jumbo ya zovala za ana awo kuti ndikasiye ku Area 25, ndi malalanje anayi a m'njira. Pogwirana chanza ndinamva zipsera, koma zala zinapinda.

Ndinafika ku Biwi mvula itayamba, matope mpaka pakhomo. Mayi ndinawapeza ataonda, madiresi akuwakhwepa. Anali atadwala shuga chaka chathunthu, onse anagwirizana zondibisira. Galaja ya achimwene inali itatsekedwa, mwini malo atagulitsa, ndiye iwo ndi alamu ndi ana anali atasamukira m'chipinda changa. Ndinkagona pabalaza.

Nditafotokoza chimene chinandibweza, mayi anangoti, "Wabwera wamoyo." Achimwene anadikira kuti mayi alowe, kenako anandiitanira kuseri.

"Iwe unapita kukagwira ntchito kapena kukaweruza milandu? Anthu a eni, dziko la eni. Mankhwala a mayi awa azigula ndani tsopano?"

"Achimwene, mukanaona manja aja."

"Awa sunawaone?" Anatambasula awo, akuda ndi oilo, zikhadabo zosweka. "Ine ndinadandaula kwa ndani?"

Miyezi yambiri tinkangopatsana moni. Ine ndinabwerera kukashopu kaja, kenako ndinapeza kantchito koyang'anira makompyuta pasukulu ina ku Kawale. Sikofanana ndi kuja, koma mayi sanasowe mankhwala. Achimwene ankayenda m'magalaja kufuna maganyu, tsiku lina kupeza, masiku atatu ayi.

ANyaGondwe atabwera kudzaona ana, anafika kwathu ku Biwi ndi nkhuku. Anacheza ndi mayi tsiku lonse ngati odziwana kalekale. Achimwene anakhala pakhonde akumvetsera osalowa. Pochoka, achimwene ndi amene anawaperekeza ku siteji, ndipo anachedwa kubwerako. Patapita nthawi ndinamva kwa alamu kuti pafamu ina yoyandikana ndi kampani ija, yotumiza zipatso zake ku shedi yomweyo, akufuna makaniko wa mathirakitala, ndipo aNyaGondwe awalankhulira achimwene.

Tsiku lonyamuka achimwene, chikwama china ndinanyamula ine. Tinafika msanga, basi ikadali kupakira. Tinaima pamthunzi, aliyense akuyang'ana kwake. Kondakitala atayamba kuitana mayina, achimwene anapisa m'thumba, anatulutsa foni yawo n'kundipatsa osandiyang'ana.

"Chinthu chako chija. Amati chimagwiranso kwa a m'mafamu?"

"Chimagwira."

"Tandiikira. Sikuti ndikachigwiritsa ntchito ayi."

Ndinalemba adiresiyo ndi mtima uli m'mwamba, chifukwa panali patapita nthawi yaitali ndipo sindinkadziwa ngati wina anaitsekanso ine nditachoka. Kanthu kaja kanazungulira kamodzi, kawiri. Tsamba linatseguka, pomwepo padepoti ya Lilongwe, pakati pa ogulitsa madzi ndi onyamula katundu.

Achimwene anayang'anitsitsa, anasuntha ndi chala mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba.

"Ndiwe unapanga zimenezi?"

"Ndinangotsegula, achimwene. Ndi a Domingo."

Anaika foni m'thumba la malaya n'kumanga batani. Kenako anandigwira paphewa, mwamphamvu mpaka kupweteka.

"Uziwakumbutsa mayi kumwa mankhwala. Amanama kuti amwa."

Anakwera. Ndinaima pomwepo mpaka basi inakhota, kenako ndinayamba kuyenda wapansi kubwerera ku Biwi.